Harvey Cushing, dokotala amene anasowa tulo ndi kachiwalo kochepa ngati nandolo

Anzanga, amene munalembako Biology pa MSCE mukukumbukira chithunzi chija cha mutu wa munthu wodulidwa pakati, pomwe pansi pa ubongo pamalendewera kanthu kakang'ono ngati kambewu ka nandolo. Aphunzitsi ankati ndi pituitary, ife n'kuloweza, mayeso n'kulemba, basi nkhani yatha. Mwezi uno patsamba lathu la mbiri ndasankha munthu amene kanthu kameneka kanamusowetsa mtendere kwa zaka zoposa 30. Dzina lake ndi Harvey Cushing, wa ku America, ndipo madokotala ambiri amamutenga ngati tate wa maopaleshoni a ubongo. Anamwalira mu 1939, koma dzina lake likutchulidwabe m'zipatala padziko lonse chifukwa pali nthenda yodziwika ndi dzina lakelo.

Tiyambe takumbutsana za kachiwaloko, kuopa kuti ena angasochere m'njira. Pituitary imalemera pafupifupi theka la galamu. Imakhala m'kadzenje ka fupa pansi pa ubongo, kuseri kwa mphuno, ndipo pamwamba pake penipeni pamadutsa mitsempha yochokera m'maso. Ntchito yake ili ngati ya kapitawo pa esiteti: imatulutsa mahomoni amene amalamula ziwalo zina kuti zigwire ntchito. Ina ndi ya kakulidwe ka thupi. Ina imauza mabere kuti apange mkaka. Zina zimayendetsa msambo ndi mphamvu yobereka kwa amuna ndi akazi omwe, ina imalamula thyroid ya pakhosi, ina imalamula tiziwalo tokhala pamwamba pa impso. Ngakhale jakisoni wa oxytocin amene azamba a ku Bwaila amabaya mayi akangochira, kuti chiberekero chifinyike magazi asataike ambiri, ndi homoni imene m'thupi imatulukira pa kachiwalo komweka. Komatu kwa zaka mazanamazana madokotala a ku Ulaya ankakhulupirira kuti ntchito yake ndi kupanga mamina. Dzina loti pituitary likuchokera ku mawu a Chilatini otanthauza mamina omwewo.

Cushing anabadwa pa 8 April 1869 mumzinda wa Cleveland, m'chigawo cha Ohio. Anali chitsirizira m'banja la ana khumi. Bambo ake anali dokotala, agogo ake dokotala, bambo a agogowo dokotalanso, ndiye sitinganame kuti anachokera kosauka ayi. Anamaliza ku Yale mu 1891, chaka chomwe dziko lathu linalowa m'manja mwa Angerezi, kenako anapita ku Harvard komwe anatenga digiri ya udokotala mu 1895.

Ali pasukulu ya udokotala anakumana ndi tsoka loyamba. Masiku amenewo ana asukulu ndi amene ankapatsidwa ntchito yonunkhizitsa odwala mankhwala ogonetsa otchedwa ether, mongoyerekeza, popanda choyezera chilichonse. Wodwala wina anafera m'manja mwake opaleshoni ili mkati. Mnyamatayo anasweka mtima mpaka anaganiza zosiya sukulu. Sanasiye. Iye ndi mnzake Ernest Codman anayamba kulemba papepala kugunda kwa mtima ndi kapumidwe ka wodwala nthawi yonse ya opaleshoni, ndipo tchati chimene ogonetsa odwala amalemba ku fiyeta lero chinayambira pamenepo. Khalidwe limeneli mulisunge, chifukwa libweranso: munthu akamufera, Cushing sankapuma mpaka atadziwa chimene chalakwika.

Mu 1896 anapita ku chipatala cha Johns Hopkins ku Baltimore kukaphunzira maopaleshoni pansi pa William Halsted, dokotala wogwira ntchito pang'onopang'ono, waukhondo wonyanya, wosalola kuti magazi azingotaika. Zaka zimenezi John Chilembwe naye anali ku America komweko, pasukulu ku Lynchburg m'chigawo choyandikana nacho cha Virginia. Mu 1900 ndi 1901 Cushing anazungulira ku Ulaya. Ku Bern anachita kafukufuku wosonyeza kuti mkati mwa chigaza mukapanikizika, BP imakwera. Ku Italy anaona chida cha Riva-Rocci choyezera BP, chija chomanga pamkono, n'kubwera nacho ku America kuti chizigwiritsidwa ntchito pa opaleshoni.

Tsopano nkhani yeniyeni. Mu December 1901 ku Johns Hopkins kunabwera mtsikana wa zaka 14. Mutu unkamupweteka kosalekeza, maso ankachita mdima, anali wonenepa koma thupi lake silinkasonyeza kuti akukula n'kukhala namwali. Cushing anaona kuti m'mutu muli chinachake chimene chikupanikiza ubongo, koma osadziwa kuti chili pati. Anamuchita opaleshoni kangapo, kutsegula uku, kutsegula uko, osapeza kanthu. Mtsikanayo anamwalira. Atang'amba mtembo anapeza chotupa chachikulu pa pituitary, malo amene iye sanawaganizire n'komwe. Chomupweteka kwambiri chinali choti chaka chomwecho dokotala wina wa ku Vienna, Alfred Fröhlich, anali atalemba za mnyamata wa zizindikiro zofanana ndi zimenezi ndipo iye analoza pa pituitary molondola. Kwa munthu wonyada ngati Cushing zimenezi zinali zowawa kawiri. Kuyambira pamenepo kachiwalo aka kanakhala ngati ngongole yake.

Vuto linali loti palibe ankadziwa bwinobwino ntchito ya pituitary. Mu 1886 dokotala wa ku France, Pierre Marie, anali atafotokoza nthenda yotchedwa acromegaly, imene munthu wamkulu kale amayamba kukula manja, mapazi, chibwano, mphuno ndi lilime, mpaka nsapato kusiya kumukwana. Anthu otere ankapezeka ndi chotupa pa pituitary, koma mkangano unali woti kodi chotupacho chikuwononga kachiwaloko kapena chikukagwiritsa ntchito mopyola muyezo? Cushing anatengera funsoli ku labotale. Pamodzi ndi anyamata ake monga Samuel Crowe ndi John Homans, ankachotsa pituitary mwa agalu. Akachotsa mbali yake yokha, galu ankanenepa, kuchita ulesi ndi kufooka ziwalo zoberekera, ndipo ana agalu ankapinimbira. Apa m'pamene anaona chithunzi cha mtsikana uja. Pofika 1909 anali akuphunzitsa kuti matenda a pituitary ali pawiri: ena amabwera chifukwa kachiwaloko kakutulutsa zochepa, ena chifukwa kakutulutsa zochuluka. Lero zikumveka zophweka, eti? Nthawi imeneyo palibe ndi homoni imodzi yomwe ya pituitary imene munthu anali ataiona kapena kuiyeza m'magazi.

Homoni ya kakulidwe ikachuluka mwana asanamalize kukula, amasanduka chimphona. Ikachuluka atakula kale, ndiye acromegaly ija. Okonda wrestling mukumudziwa The Great Khali, amene mu 2012 anamuchotsa chotupa pa pituitary, komanso malemu André the Giant. Ikachepa, mwana amakhala wamfupi kwambiri, ndipo chitsanzo chimene tonse tikuchidziwa ndi Lionel Messi, amene ali mwana ankabayidwa homoni imeneyi. Cushing ankatengeka kwambiri ndi zimphona. Ku London, m'nyumba yosungiramo zinthu zakale ya madokotala a opaleshoni, munali mafupa a Charles Byrne, chimphona cha ku Ireland chimene chinamwalira mu 1783. Mu 1909 Cushing anakakamiza woyang'anira malowo, Arthur Keith, kuti atsegule chigazacho, ndipo anapezadi kuti kadzenje ka pituitary kanali kotakasuka, umboni woti munali chotupa. Mbali ina ya nkhaniyi imandinyansa ine. Byrne ali moyo anapempha kuti akadzafa adzamuponye m'nyanja poopa madokotala, koma John Hunter anapezabe mtembowo, ndipo mafupa ake anakhala pachionetsero zaka pafupifupi 200. Mpaka mu 2023 m'pamene eni malowo analengeza kuti sawaonetsanso.

Kudziwa nthenda ndi kwina, kuifikira ndi mpeni ndi kwinanso. Pituitary ili pakatikati pa mutu, ndipo kuti uyipeze kuchokera pamwamba uyenera kunyamula ubongo. Mu 1907 Hermann Schloffer wa ku Innsbruck anayesa njira yachidule yodzera m'mphuno. Cushing anaitengera mu March 1909 pa mlimi wina wa ku South Dakota wodwala acromegaly, ndipo bamboyo anakhala moyo zaka zina 21. Chaka chotsatira anaikonza njirayo: ankacheka kunsi kwa mlomo wam'mwamba, pamwamba pa mano, n'kudutsa mkati mwa mphuno mpaka kuboola fupa lopyapyala limene lili pansi pa pituitary. Pankhope osasiya chipsera. Tangoganizani, kadzenje kakuya, kopapatiza, kuwala kwake kochokera pa kanyali komangirira pamphumi, kopanda maikulosikopu, kopanda sikani, kopanda ma antibiotic. Pakati pa 1910 ndi 1925 anachita maopaleshoni otere 231, ndipo omwalira anali pafupifupi 6 pa 100 alionse. Odwala ambiri amene ankabwera akuchita khungu chifukwa chotupa chapsinja mitsempha ya maso ankayambanso kuona. Chizindikiro chake n'chachilendo ndithu: munthu amaona za kutsogolo koma za m'mbali zonse ziwiri zimazimirira, moti amangogunda zitseko ndi anthu pamsewu.

Mu December 1910 kunabwera wodwala amene anadzapangitsa kuti dzina la Cushing likhale la nthenda. M'mabuku amangomutchula kuti Minnie G., ndipo anali ndi zaka 23. Anasiya kusamba ali ndi zaka 16. Nkhope inali yozungulira, thunthu lonenepa koma miyendo ndi manja zoonda, tsitsi likumera kumaso, khungu losachedwa kuchita mikwingwirima, msana ukupweteka, BP yokwera. Mtsikana wotere atakhala m'dera lathu lino, mukudziwa zimene zingayankhulidwe pa mpopi ndi m'magulu a WhatsApp. Wina ati amadya kwambiri, wina ati anachotsa mimba, wina ati kwawo anamulodza. Cushing anamujambula, kumuyeza, kulemba zonse, n'kumuika m'buku lake la 1912 lotchedwa The Pituitary Body and Its Disorders, lomwe linafotokoza odwala pafupifupi 50. Sananamizire kuti wamvetsa. Anangosunga nkhaniyo n'kumadikira odwala ena ofanana naye, ndipo kudikirako kunatenga zaka 20.

M'zaka zimenezo zambiri zinachitika. Mu 1912 anasamukira ku Boston kukakhala pulofesa ku Harvard ndi mkulu wa maopaleshoni pa chipatala chatsopano cha Peter Bent Brigham. Pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse, imene kuno inatenga makolo athu ngati asikari a KAR ndi amtengatenga, iye anali ku France ndi ku Belgium akuchotsa zipolopolo ndi zidutswa za mabomba m'mitu ya asilikali, nthawi zina pogwiritsa ntchito maginito. Anabwerako ndi nthenda ya mitsempha imene inamufooketsa miyendo moyo wake wonse. Mdani wamkulu pa opaleshoni ya ubongo ndi magazi, ndiye mu 1911 anapanga timapini tasiliva totsekera mitsempha, ndipo mu 1926 anayamba kugwiritsa ntchito makina a William Bovie owotcha mitsempha ndi magetsi. Asanabwere iye, odwala oposa theka ankafa akachitidwa opaleshoni ya chotupa cha mu ubongo. Pofika pa 15 April 1931, tsiku limene anachita opaleshoni ya chotupa cha nambala 2,000, omwalira sankakwana 10 pa 100. Pakati pa zonsezi analembanso mbiri ya mphunzitsi wake William Osler, buku limene linapata mphoto ya Pulitzer mu 1926. Kaya ankagona nthawi yanji mkuluyu.

Koma tisamupange mngelo. Kwa odwala anali wachifundo, mabala ankatsuka yekha, koma kwa madokotala achinyamata ndi anamwino anali wolusa, wonyoza pagulu, wosafuna kugawana ulemu. Anakangana kwa zaka zambiri ndi wophunzira wake waluso kwambiri, Walter Dandy. Kunyumba, mkazi wake Katharine Crowell, amene anakwatirana naye mu 1902, analera ana asanu pafupifupi yekha. Mu June 1926 mwana wawo woyamba William anafa pa ngozi ya galimoto. Uthenga unamupeza Cushing m'mawa akukonzekera opaleshoni. Anadziwitsa mkazi wake, n'kulowa mu fiyeta, kuchita opaleshoniyo mpaka kumaliza, kenako m'pamene ananyamuka kukatenga maliro. Ena amati kumeneko ndiye kudzipereka. Ine ndikaganiza za mayi amene anali yekha tsiku limenelo, mtima sundilola kuombera m'manja.

Pali munthu wina amene mbiri zambiri zimamudumpha, Louise Eisenhardt. Analowa ntchito kwa Cushing mu 1915 ngati wothandiza kukonza zolemba, kenako anakaphunzira udokotala n'kumaliza mu 1925, ndipo anadzakhala katswiri woyeza zotupa pa maikulosikopu. Iyeyu ndi amene ankasunga kaundula wa chotupa chilichonse, ndipo ofesi yawo inkalembera makalata odwala chaka ndi chaka kufunsa ngati akadali moyo ndi momwe akupezera. Ziwerengero zimene tikumutamanda nazo Cushing zinadutsa m'manja mwa mayi ameneyu. Kwa ine apa ndi pamene pagona kafukufuku weniweni, osati pa mpeni pokha. Wodwala akatuluka pageti la chipatala, iwo ankamulondolabe mpaka tsiku la imfa yake, ndipo akamwalira ankapempha abale kuti alole kupima mtembo.

Mu 1932, chaka chimene anapuma ntchito ku Boston ali ndi zaka 63, anatulutsa pepala lofotokoza odwala 12 ofanana ndi Minnie G. Mfundo yake inali yoti gwero la mavuto onsewa ndi kachotupa kakang'ono kwambiri ka pa pituitary, kochepa moti sikangaoneke pa X-ray. Madokotala ambiri anakana, ankati vuto lili pa tiziwalo ta pamwamba pa impso. Zoona zake n'zoti mbali zonse zinagwirapo kanthu. Kachotupako kamatulutsa homoni yotchedwa ACTH yochuluka, ACTH imakalamula tiziwalo tija kuti titulutse cortisol wochuluka, ndipo cortisol ameneyu ndi amene amanenepetsa nkhope ndi mimba, kufooketsa mafupa, kukweza shuga ndi BP. Gwero likakhala pa pituitary, madokotala amati Cushing's disease. Cortisol akachuluka pa chifukwa china chilichonse amati Cushing's syndrome. Chodabwitsa n'choti mwa Minnie G. mwiniwakeyo Cushing sanachionepo chotupacho, ndipo mayiyo anakhala moyo mpaka 1958, kumuposa dokotala wake ndi zaka 19.

Apa ndiime pang'ono, chifukwa nkhaniyi ikutikhudza kuposa momwe tingaganizire. Masiku ano chimene chimabweretsa Cushing's syndrome kwambiri si chotupa ayi, koma mankhwala a gulu la ma steroid monga prednisolone ndi dexamethasone akamwedwa nthawi yaitali. Ndi mankhwala abwino, amapulumutsa anthu a mphumu ndi matenda ena dokotala akalemba. Koma pali ena amene amangogula okha kuti anenepe, ndipo mafuta ena oyeretsa khungu amene amagulitsidwa m'misika amakhala ndi ma steroid amphamvu monga clobetasol ndi betamethasone, omwe amalowa m'magazi kudzera pakhungu. Nkhope ikayamba kuzungulira anzako amati wayamba kupeza bwino, chonsecho ndi nthenda. Ndipo amene wamwa mapiritsiwa nthawi yaitali asasiye mwadzidzidzi payekha, chifukwa thupi limakhala litasiya kupanga cortisol wakewake ndipo munthu akhoza kukomoka ngakhale kufa kumene. Kusiya kwake n'kwapang'onopang'ono, motsogozedwa ndi achipatala.

Palinso matenda ena awiri a pituitary amene amabisala m'nkhani za m'mabanja. Chotupa chofala kwambiri pa kachiwaloka ndi chimene chimachulukitsa homoni ya mkaka. Mkazi amasiya kusamba, mabere amatuluka mkaka alibe mwana, mimba osatenga, apongozi n'kuyamba kuyankhula. Kwa mwamuna chimachepetsa mphamvu za m'nyumba. Cushing akanachita opaleshoni, koma kuyambira m'zaka za m'ma 1970 pali mapiritsi a bromocriptine, kenako cabergoline, amene amafwetsa chotupacho ndipo ambiri amabereka bwinobwino. Ina ndi nthenda imene Harold Sheehan anafotokoza mu 1937 ku Glasgow: mayi akataya magazi ambiri pobereka, pituitary imatha kufa chifukwa chosowa magazi. Mkaka sutuluka, msambo subwerera, thupi limangofooka zaka ndi zaka, anthu n'kumati ndi waulesi. Mankhwala ake ndi kubwezeretsa mahomoni amene akusowawo.

Njira ya m'mphuno ija nayo ili ndi kambiri kake. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1920 Cushing anaisiya n'kubwerera kotsegula chigaza, ndipo poti iye anali tambala wa onse, pafupifupi dziko lonse linamutsatira. Amene anakakamira anali wophunzira wake Norman Dott wa ku Edinburgh. Dott anaphunzitsa Gérard Guiot wa ku Paris m'zaka za m'ma 1950, Guiot anaphunzitsa Jules Hardy wa ku Montreal, ndipo Hardy m'zaka za m'ma 1960 anabweretsa maikulosikopu mu fiyeta. Ndi diso limeneli anayamba kuona ndi kuchotsa tizotupa tating'onoting'ono tija, n'kusiya pituitary yabwino ili m'malo, odwala Cushing's disease n'kumachira. Zimene mkulu uja ananena mu 1932 zinatsimikizika kudzera pa njira imene iye mwini anaitaya. Lero maopaleshoni ambiri a pituitary amadzera m'mphuno ndi kakamera. Kuno kwathu madokotala a opaleshoni ya ubongo akadali owerengeka, ngakhale pa Kamuzu Central pano pali LION, chipatala cha mafupa ndi maopaleshoni a ubongo. Amene mukudikira zotsatira za ku KUHeS, malo alipo ambiri kumeneko.

Zaka zake zomaliza anakhala ku Yale, komwe anabwerera mu 1933. Ankasuta fodya ngati chimuni, mitsempha ya m'miyendo inatsekeka moti kuyenda kunkamuvuta, ndipo nthawi yambiri ankaithera pa mabuku akale a zachipatala amene ankasonkhanitsa, makamaka a Andreas Vesalius. Anthu anamutchula kambirimbiri kuti alandire mphoto ya Nobel koma sanaipate. Anamwalira ndi nthenda ya mtima pa 7 October 1939 ku New Haven ali ndi zaka 70, patangotha zaka ziwiri a Kamuzu Banda atamaliza udokotala wawo ku Meharry, ku America komweko. Ubongo ndi zotupa za odwala ake, m'mabotolo mazanamazana, pamodzi ndi zithunzi zawo, zinakhala zaka zambiri m'chipinda chapansi pa hostel ya ana asukulu ya udokotala ku Yale, komwe ana asukuluwo ankalowa mozemba usiku kukaziona, mpaka mu 2010 pamene anazikonzera malo otchedwa Cushing Center. Mtembo wa Cushing nawonso anaupima, monga momwe iye ankapemphera kwa abale a odwala ake. Mkati mwa ubongo wake anapezamo kachotupa kakang'ono, pafupifupi sentimita imodzi.